Paipi ya ku Kamsenjere

Lachiwiri, 6 Okutobala 2009

Kutentha koopsa. Nkhuku zangoyasama pansi pa nkhokwe.

Kusukulu awerenga maina a olandira makuponi a fetereza. Lathu mulibe. Ndinaima mpaka kumapeto, mwina alitchula mochedwa. Ayi ndithu.

Koma amuna anga a Lameki awalemba ntchito ku fakitale ya mapulasitiki, ija anamanga chaka chatha kumtunda kwa dambo. Abwera ndi ovolosi yabuluu, yaikulu, miyendo yochita kupinda. Feliya kuwazungulira akuvina. Mwana wa zaka zisanu, chilichonse chatsopano kwa iye ndi Khirisimasi. Nanenso ndinaseka. Mtima unakhala pansi, ndisaname.

Adada, bambo anga, abwera kuchokera kudziwe la Kamsenjere ndi milamba yonenepa, wina wotalika ngati mkono wanga. Ndaiwamba kale. Loweruka kumsika.

Ovolosi ija anangoiyang'ana. "Mwachita bwino, apongozi." Basi. Kenako anakhala pansi pa mango n'kumasoka mono wawo wong'ambika.

Lamulungu, 11 Okutobala

Mbuzi ya amalume a Amon yafa. Mwezi wonse kuonda, mimba yokha kutupa. Poitumbula, m'chifu majumbo okhaokha, opotana ngati chingwe. Anawaika pamwala, ana n'kumadzaonerera. Amalume akuti ndi anthu ansanje awalodzera. Palibe watchula mulu uja wa kufakitale. Malole amabwera ndi mapulasitiki otayidwa m'tauni, kudzakhuthula pamenepo. Mulu wapitirira denga la tchalitchi. Mphepo ikawomba, majumbo m'mitengo, m'mizere, pakhomo, paliponse.

Nyama tagawana. Nafenso tadya.

Pochokera kutchalitchi ndinapeza Adada akupalira pamanda a amayi. Zaka zitatu tsopano. Maliro atatha, anthu ankayesa abwerera kwawo kumalire a Mzimba, poti kuno anangobwera kudzakwatira. Iwo anati kwawo kulibe dziwe. Anabwera ali mnyamata, akalambira m'madzi a Kamsenjere. Ine sukulu mpaka Fomu 2 anandilipirira ndi milamba.

Lachinayi, 15 Okutobala

Manja a a Lameki akusupuka. Zikhatho zoyera ngati za munthu wochapa tsiku lonse, pakati pa zala ming'alu. Ndawapaka mafuta ophikira.

Ntchito yawo akuti ndi kutsuka. Mapulasitiki akuda aja amawanyika m'thanki ya mankhwala, kuwatakasa ndi mtengo, kenako makina amawadula n'kuwasungunula. Kumatuluka majumbo atsopano ndi mapepala akuda ofolera zigafa za fodya. Pobwera amanunkha ngati tayala lopsa. Ngakhale atasamba.

Ndinafunsa kuti madzi a m'thankiwo amapita kuti akatha ntchito.

"Iwe Lefina, ufuna fetereza kapena ufuna mafunso?"

Sanayambe andiyankhapo chonchi. Ndinangotola mbale.

Loweruka, 24 Okutobala

Msika woipa. Mayi uja wa malo odyera, amene wakhala akundigula kuyambira ndili mtsikana, ananyamula mlamba, kuununkhiza, n'kuubweza. Akuti ya sabata yatha makasitomala anadandaula, ikumveka parafini. Ananena mokweza. Azimayi a tomato onse kutembenuka. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Ndabwerera nayo pafupifupi yonse.

Madzulo ndinatsikira kudziwe. Kumtunda, pamene ngalande ya kufakitale imalowera, thovu lotuwa lakhazikika pa bango. Pamwamba pa madzi mafutamafuta, onyezimira mitundumitundu. Paipi yake ndaiona, yakuda, yaikulu ngati ntchafu, yotulukira pansi pa mpanda wa waya. Yabisika m'nsenjere.

Adada anandionetsa m'mono. Timikanda ta pulasitiki, tating'ono ngati mapira, todzaza pansi. Anatumbula mlamba umodzi pomwepo. M'matumbo timikanda tomweto.

Anthu akutungabe pomwepo kuthirira nazale za fodya. Achule sindinawamve. Ndazindikira ndili kale kunyumba kuti sindinawamve.

Lachitatu, 4 Novembala

Mvula yoyamba dzulo. Yamphamvu, ya matalala. Fungo la dothi, tonse kukondwa.

M'mawa mfuu kuchokera kudambo. Ndinayesa kwamira mwana. Kufika, dziwe lonse mbuu, mimba za nsomba m'mwamba. Makumba, matemba, milamba ikuluikulu imene Adada akhala akuisaka zaka osaigwira. Ina ikuphuphabe, kukamwa kuli yasa. Mvula yakokolola zonse za m'ngalande ija n'kuzikhuthulira m'dziwe kamodzi.

Mudzi wonse ndi mabeseni, malichero, matumba. Kuseka, kulimbirana, nthungululu. Wina anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi ya mana a m'chipululu.

Adada m'madzi mpaka m'chiuno, manja m'mwamba, kuletsa anthu. Chichewa chinawathawa. "Lekani! Maji ghafwa! Maji ghafwa!" Madzi afa. Palibe anawamvera. Mnyamata wina anawakankha ndi beseni, anagwa, anadzuka matope okhaokha.

Ine sindinatole. Feliya analira kuti anzake onse akudya nsomba. Tadyera nkhwani.

Utsi wowamba nsomba mudzi wonse. Ndatseka chitseko.

Lachisanu, 6 Novembala

Ana m'nyumba zambiri akutsegula m'mimba ndi kusanza. Mdzukulu wa amalume anamutengera kuchipatala pa njinga, abwera naye, ali bwinoko. Akuti ndi mvula yoyamba, chaka chilichonse zimatero. Agalu awiri afa kuseri kwa chigayo. Nawonso mvula yoyamba?

Adada avuula miono yonse. Mopanda kanthu. Aitcheranso.

A Lameki sakudya bwino. Ndikawayang'ana amayang'ana kumbali.

Lachiwiri, 17 Novembala

Msonkhano pabwalo la sukulu. Kunabwera galimoto ziwiri. Bwana wa fakitale, wamng'ono msinkhu kuposa momwe ndinkaganizira, waulemu, anayamba ndi kupepesa maliro a kwa a Mwavi a sabata yatha. Anthu anakonda zimenezo. Anati zansomba wamva ndipo zamukhudza, madzi awatumiza kukayezedwa. Anati atikumbira mjigo. Kenako nkhani yeniyeni. Fakitale ikukula, akufuna dambo lonse la kumunsi mpaka kudziwe, adzalikwirira ndi dothi amangepo nyumba ya makina atsopano. Ntchito za anyamata ambiri. Azimayinso.

M'manja. Nthungululu. Amalume a Amon ndiwo anayamba kuwomba. Ana awo aamuna atatu ali pakhomo, fodya wa chaka chatha anagulidwa motchipa kuokushoni, makuponi sanakwane. Sindikuwada. Ndikuyesetsa kuti ndisawade.

Adada anaimirira. Anavala jekete ija ya pa ukwati wanga. Anayamba bwino, kuti dziwe lija ladyetsa mudzi uno m'njala zonse, ya 2002 anthu ankadya nyika ndi matemba a momwemo. Kenako Chitumbuka chinayamba kulowerera. Kumbuyo wina anakuwa, "Tamasulirani agogowo!" Chiseko. Bwana uja sanaseke, anangoyang'ana wotchi.

Adada anakhala pansi.

A Lameki anali pa benchi ya antchito, onse m'maovolosi. Mutu pansi nthawi yonse. Ndinkafuna angodzutsa nkhope. Kungodzutsa nkhope basi.

Nanenso sindinaimirire. Ndinali pamphasa ya azimayi, Feliya pamiyendo.

Lolemba, 23 Novembala

A Lameki alandira. Abwera ndi thumba la fetereza pa njinga, la kusitolo, losadikira kuponi ya munthu. Analitsitsa pakhonde mosamala ngati mwana. Shuga, sopo, nsapato zapulasitiki za Feliya zofiira. Ndinaligwira thumbalo. Ndinamva kukoma, Mulungu andikhululukire. Chaka chino sitipempha.

Ndinapititsa chakudya kwa Adada monga mwa masiku onse. Usipa wogula. Anavundukula mbale, kuyang'ana, kuvundikiranso.

"Zagulidwa ndi ndalama ya paipi izi. Bwerera nazo, mwana wane."

Ndinagwada pakhomo pawo mpaka mawondo kuwawa. Sanatembenuke. Akuphika okha tsopano, pa mafuwa kuseri, chinangwa ndi masamba a maungu. Munthu wa zaka zimenezo.

A Lameki anaona mbale ikubwerera. "Ndiye ndisiye? Tidya chiyani? Dziwelo lafa kale, ndikasiya lidzuka?"

Lachisanu, 27 Novembala

Tabzala chimanga. Feliya zilonda m'miyendo, anakasewera kungalande ndi anzake. Ndamumenya. Kenako ndalira ndine.

Mjigo sunabwere. Madzi tikukatunga kwa Mwase, kuchoka kusanatenthe, kubwera dzuwa lili pamutu. Zoyezedwa zija palibe akuzitchulanso.

Lachinayi, 3 Disembala



Adada atseka paipi. Masana, anthu akuona. Anatenga miyala, dongo la pachulu ndi matumba akale, kutsindira ndi mtengo mpaka kukamwa kwa paipi kunatsekeka. Madzi anabwerera m'mbuyo, anasefukira m'fakitale, makina anaima.

Ndinamva kwa ana, ndinathamanga. Kupeza Adada akhala pa chulu pafupi ndi paipiyo, manja dongo lokhalokha, osathawa. Kapitawo anatuluka ndi antchito anayi. Anafunsa kuti mdalayu ndi wa ndani. Wina analoza a Lameki ndi mlomo.

Kapitawo anawapatsa fosholo. "Apongozi akowa atseka, iwe utsegule. Apo ayi, uvule ovolosiyo pompano."

A Lameki anailandira fosholo ija. Anavula chipewa, kupita pamaso pa Adada, kunjuta. Sindinamve zonse. Ndinangomva, "Pepani, apongozi." Adada sanawayang'ane, maso anali padziwe.

Anakumba. Mwala umodziumodzi. Pomaliza madzi anatuluka mwamphamvu, otuwa, anawathira pachifuwa ndi kumaso. Anthu ena anaseka. A Lameki anangopukuta ndi mkono n'kupitiriza kuchotsa dongo.

Adada anadzuka, kusasa thalauza, ulendo kunyumba. Ndinawatsatira pambuyo. Msana wawo wachepa.

Apolisi sanaitanidwe. Bwana akuti sangamangitse nkhalamba. Mudzi wonse ukumuyamikira chifundo.

Lamulungu, 6 Disembala

Amalume a Amon anandiitana titaweruka kutchalitchi. Pansi pa mtengo, iwo pampando, ine pansi. Anayamba ndi kutali. Mvula, fodya, miyendo ya Feliya. Kenako anafika.

Akuti Adada, a Esau, ndi munthu wabwino, palibe angatsutse, mlongo wawo, amayi anga, anamusunga bwino mpaka imfa. Koma mlongo wawoyo anapita. Chowasungira kuno n'chiyani? Fakitale yanena kuti zikachitikanso, anyamata a mudzi uno sadzalembedwa, adzatenga a kwa Chulu. "Mkamwini sawonongera eni mudzi, Lefina. Ukawauze bwinobwino, ndiwe mwana wawo."

Mkamwini. Munthu amene anakumba manda a agogo onse a pamudzi pano. Amene anawaphunzitsa ana awo omwewo kusambira.

Ndinati ndamva. Ndinatero ine. Ndamva.

Sindinawauze. Sindiwauza.

Lachitatu, 9 Disembala

Wina wawauza kale.

Lachitatu, 16 Disembala

Malole a dothi ayamba. Kuyambira m'mawa, kutsanula dothi lofiira m'dambo, thalakitala n'kumasalaza. Bango likugona. Mbalame zija zoyera zimaima ndi mwendo umodzi zauluka, zikuzungulira m'mwamba, zasowa potera. Ana a amalume awiri alembedwa. Akuyendetsa mawilibala, akuimba.

Njoka zambiri zathawira kumudzi. Imodzi tapha m'khitchini.

Adada anapita kukavuula miono isanakwiriridwe. Anaisanja pakhomo pawo bwinobwino, waukulu pansi, waung'ono pamwamba. Ndinayesa aitentha. Ayi. Aipereka kwa mayi a Thoko oyandikana nafe kuti azifungatiramo nkhuku.

Chimanga chathu chamera bwino. Chobiriwira kuposa cha aliyense m'dera lino. Anthu akudutsa amaima kuchiyamikira. Ndimalowa m'nyumba.

Lolemba, 21 Disembala

Apita.

Dzulo anapita kumanda a amayi okha, anakhalako mpaka dzuwa kupendeka. Pobwera anandiitana. "Nkhuluta kukaya." Ndikupita kwathu. Ndinati kwanu ndi kuno. Anaseka pang'ono. Anati kumeneko kwatsala mwana wa mng'ono wawo, mwina awapatsa kakhumbi. Anachokako alibe ndi ndevu zomwe. Akawadziwa ndani?

Ndinagwira miyendo yawo. Ndinati tichoke tonse. Anati, "Iwe uli ndi munda, uli ndi mwana, uli ndi mwamuna. Mwamuna wako si woipa. Njala ndiyo yoipa." Aka n'koyamba kuwatchula chichitikire za paipi.

Katundu yense thumba limodzi, mphasa, ndi kapoto. Zaka zonsezo.

M'mawa a Lameki sanapite kuntchito. Anatulutsa njinga osauzidwa, kumangirira thumba, n'kuima pambali chipewa m'manja. Adada anawayang'ana. Anakwera. Ndinawaona akutsika njira ya kumsewu, a Lameki akupalasa pang'onopang'ono kuzemba zithaphwi, Adada atagwira m'chiuno mwawo.

Pamudzi palibe anatuluka kudzatsazika. Zitseko zotseka. Mayi a Thoko okha anaima pa mpanda, chitenje kukamwa.

Feliya akuti agogo apita kukagula dziwe lina.

A Lameki pobwera maso ofiira. Akuti pa siteji Adada anawagwira dzanja, kuona ming'alu ija, n'kunena kuti azipaka phula la njuchi. Basi. Alowa kuchipinda, sanatulukenso.

Lachisanu, 25 Disembala

Mpunga ndi nkhuku. Palibe anamaliza mbale.

Nyumba ya Adada amalume aitenga kale kuti adzaikemo fodya.

Loweruka, 9 Januwale 2010

Sindinalembe. Ndinalibe cholemba, kapena chinachuluka.

A Lameki akutsokomola. Anawasamutsira kumakina osungunula, kumene kuli utsi. Poyamba chinali cha m'mawa chokha, tsopano tsiku lonse. Makhololo akuda. Akakwera kachitunda ka kutchalitchi amaima kawiri. Kuchipatala anawayeza TB, alibe. Anawapatsa mapiritsi ndi kuwauza kuti atalikirane ndi utsi. Anaseka mpaka kutsokomola.

Chimanga chikufuna fetereza wachiwiri. Masamba apansi ayamba chikasu.

Theka la dziwe lakwiririka. Lotsalalo lakuda bii, ndi mvula yonseyi. Ng'ombe zikafika zimanunkhiza n'kubwerera. A mjigo anabwera kudzayeza malo, anakhoma chikhomo, anapita. Chikhomocho mbuzi zikudzikandapo.

Kumsika sindinapiteko chichokere Novembala. Thandala langa lowambira nsomba ndawotchera nyemba.

Lachiwiri, 19 Januwale

A Lameki agwa kuntchito. Anawabweretsa anzawo awiri atawakoleka m'mapewa. Agona, kupuma kukumveka mpaka panja ngati mluzu.

Madzulo kapitawo anabwera yekha. Anakhala pakhonde, analandira madzi, anafunsa za odwala mwaulemu. Akuti malo sadikira munthu, pageti pali anthu ambiri. Koma poti a Lameki ndi munthu womvera, bwana walola kuti wapabanja awagwirire mpaka achire. Kotsuka kukufunika azimayi.

Ndinati ndiganize. Anati Lolemba.

A Lameki anamva zonse kuchipinda. "Usapite, Lefina." Kenako chifuwa. Chitatha anati, "Kaya." Anatembenukira kukhoma.

Ufa watsala wa masiku ochepa. Januwale uyu.

Lolemba, 25 Januwale

Ndapita.

Ovolosi yomweyo, ndapinda manja ndi miyendo. Feliya ndamusiya kwa mayi a Thoko. Sanavine.

Thanki ndi yaikulu kuposa momwe ndinkaganizira. Tilipo azimayi asanu ndi mmodzi, atatu a mudzi uno. Palibe anayang'ana mnzake kumaso. Mapulasitiki amabwera ndi zonse za m'tauni, zotsala za chakudya, matewera, magazi a kubutchala. Kutakasa, kuvuula, kutakasa. Maso kuwawa. Pakhosi kuwawa.

Dzuwa litafika pamutu kapitawo anati madzi ada, atayidwe. Pali chitsulo chozungulira pansi pa thanki. Anati watsopano ndiye amatsegula, ndi mwambo wawo. Azimayi anaseka pang'ono, osati mwankhanza.

Ndinagwira. Cholimba. Ndinagwira ndi manja awiri.

Madziwo ndi ofunda. Sindinkadziwa kuti amakhala ofunda. Anandidutsa pamapazi, kulowa m'ngalande, kupita pansi pa waya. Kuchokera pamenepo nsenjere zimaoneka nsonga zokha.

Ndasamba kawiri. Feliya akuti ndikununkha ngati abambo ake.

Lachinayi, 28 Januwale

Zala zayamba kusupuka. A Lameki adya phala pang'ono, akhala tsonga. Anaona manja anga, anayang'ana kudenga.

Pobwera kuntchito ndinakumana ndi a Chawezi, aja amagula nyemba kumalire n'kumadzagulitsa kuno. Anatsika panjinga. Akuti awaona Adada. Akugona m'khitchini mwa mwana wa mng'ono wawo, akuwetera anthu mbuzi. Aonda koma akuyenda. Kumeneko ana amawatcha agogo a Chichewa.

Akuti anawatuma mawu. Moni kwa Feliya. Moni kwa apongozi, chifuwa chili bwanji, kaya anamva kwa ndani. Ndipo funso limodzi kwa ine. Ndi mvula yagwayi, madzi ayamba kuyera? Akuti dziwe limadzitsuka lokha likapeza mvula yokwanira, analionapo likutero. Ndikaona achule abwerera ndiwatumizire mawu, adzabwera ngakhale wapansi.

A Chawezi ankalankhula akuyang'ana ovolosi. Akubwerera Loweruka, akuti ndiwauze chokanena.

Ndikawauza kuti layera, abwera. Ndikawauza zoona, ndiye kuti ndawa

Feliya akuitana, abambo ake ayambanso kutsokomola